Nambala ya pa termostato si yokongoletsera

M'magalaja ambiri a m'malire muno, kuyambira ku Zobwe kukafika ku Kalomwe, muli chizolowezi china chimene chakhazikika ngati lamulo. Galimoto ikangoyamba kutentha, mekaniko amamasula mabawuti awiri kapena atatu pamene payipi ya madzi imakumana ndi injini, natulutsa kachitsulo kozungulira kokhala ndi sipuling'i, nakaponya m'bokosi la zitsulo zakutha. Mwini galimoto amauzidwa kuti kachitsuloko anakapangira maiko ozizira a azungu ndipo kuno kotentha sikafunika. Iye amalipira, nathokoza, nabwerera kwawo mtima uli m'malo poona kuti muvi woonetsa kutentha wagona pansi.

Kachitsulo kameneka ndiko termostato, kamene a tsidya la Malawi amakatchula m'Chingerezi kuti thermostat. Pali enanso amene saitaya, koma ikafa amagula iliyonse imene yakwana pabowo lake, osayang'ana nambala imene inadindidwa pa chitsulocho. Onsewa akulakwira injini. Nambalayo, kaya ndi 76, 82 kapena 88, anaisankha ndi amisiri amene anapanga injiniyo ku fakitale, ndipo mwini chapa, lole kapena thirakitala amene akufuna kuti injini yake ikalambe bwino ayenera kuidziwa monga momwe amadziwira nambala ya matayala ake.

Ntchito ya termostato

Mafuta akamapsa mu injini amatulutsa moto wambiri, ndipo gawo lina la kutenthako limatengedwa ndi madzi amene amazungulira m'kati mwa injini. Pampu imakankha madziwo kupita ku radiyadori kumene mphepo imawaziziritsa, kenaka amabwereranso. Termostato ndi chitseko chimene chili panjira imeneyi. Injini ikakhala yozizira chitsekocho chimakhala chotseka, madzi amangozungulira m'kati mwa injini momwemo ndipo amafunda msanga. Akafika pa mlingo woyenera, chitseko chimayamba kutseguka pang'onopang'ono kuti madzi ena apite ku radiyadori. Akazizira chimabwereranso. Motero pa ulendo wonse chimakhala chikutseguka ndi kutseka, kusunga injini pa kutentha kumodzi.

Termostato yamasiku onse ilibe magetsi kapena waya. M'kati mwake muli kabotolo kakang'ono ka mkuwa kodzaza ndi phula lapadera, lofanana ndi la makandulo. Phulalo likatentha limasungunuka nkufufuma, ndipo limakankha kandodo kachitsulo kamene kamatsegula chitseko. Likazizira limauma nkuchepa, ndipo sipuling'i imabweza chitseko pamalo pake. Opanga amasakaniza phulalo mwakuti lisungunuke pa kutentha kumene akufuna. Apa ndi pamene pamachokera nambala ija.

Tanthauzo la nambala

Nambala yodindidwa pa termostato ndi madigiri amene chitseko chimayambira kutseguka. Sikuti pamenepo chatseguka chonse ayi. Kuti chitseguke mpaka mapeto, madzi ayenera kutentha kuonjezera ndi madigiri 10 mpaka 15. Mwachitsanzo, buku la Toyota la injini ya 4A-FE, imene ili m'ma Corolla ambiri akale, limanena kuti termostato yake ya 82 iyambe kutseguka pakati pa madigiri 80 ndi 84, ndipo pofika pa 95 ikhale itakwera ndi mamilimita 8 kapena kuposerapo. Injini ya petulo ya 22R ya Hilux yakale inatuluka ndi ya 88, imene imayamba pakati pa 86 ndi 90 nkutsiriza pa 100. Land Cruiser ya dizilo ya 1HZ, ija imayenda m'misewu ya fumbi itanyamula odwala, ili ndi ya 76, yoyamba pakati pa 74 ndi 78 nkutsiriza pa 90.

Makampani ena nawonso ali ndi manambala ao. Land Rover ya injini ya 300Tdi imafuna ya 88, pamene Land Rover zakale zija za Series zinali ndi ziwiri zosankha, ya 74 ndi ya 82. Magalimoto ambiri a Honda amakhala ndi ya 78, ndipo pa injini zambiri zakale za Nissan pamapezeka 76.5 kapena 82. Malole ena a Isuzu, monga a injini ya 4HK1, amakhala ndi matermostato awiri m'nyumba imodzi, ina ya 82 ina ya 85, kuti njira ya madzi izitseguka m'magawo awiri. Iliyonse ili ndi malo ake ndipo sayenera kuzisinthanitsa.

Wina angafunse kuti, nanga bwanji Land Cruiser ili ndi 76 pamene Hilux ili ndi 88, pomwe zonse ndi za kampani imodzi? China mwa zifukwa zake ndi malo amene termostato inaikidwa. Pa 22R ili pamwamba, pamene madzi otentha amatulukira mu injini. Pa 1HZ ili pamene madzi amalowera, ndipo madzi olowa amakhala ozizirirapo poyerekeza ndi otuluka. Tsono nambala ya injini ina singayerekezedwe ndi ya injini inzake. Amene amatenga termostato ya galimoto ya mnzake chifukwa chakuti kukula kwake nkofanana, akumwa mankhwala amene dokotala analembera munthu wina.

Nambala za ku America

Pa msewu waukulu wochokera ku Tete kupita ku Zobwe pamadutsa malole akuluakulu a ku America monga Freightliner, ndipo m'masitolo a sipeya mumapezeka matermostato olembedwa 160, 180, 190 kapena 195. Munthu asadabwe kuti madzi angafike bwanji pa 180 osawira. Anthu a ku America amayeza kutentha ndi muyezo wina wotchedwa Fahrenheit, pamene Mozambique, Malawi ndi Japan amagwiritsa ntchito Celsius. Posintha, munthu amachotsa 32 pa nambalayo, nachulukitsa ndi 5, nagawa ndi 9. Motero 160 ndi madigiri 71, 170 ndi pafupifupi 77, 180 ndi 82, 190 ndi 88, ndipo 195 ndi pakati pa 90 ndi 91. Termostato ya 180 ndi ya 82 zimatseguka pa kutentha kumodzi, kusiyana kwake ndi kalembedwe chabe. Injini zambiri za Cummins ndi Detroit za m'malole amenewa zimayendera 180 kapena 190.

Kodi kuno nkotenthadi?

Mau akuti termostato njakumaiko ozizira ali ndi zolakwika ziwiri. Choyamba nchakuti m'malire muno si monse motentha. Nzoona kuti mu mzinda wa Tete, m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, kutentha kumapitirira madigiri 40. Koma Ulongwe ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,300, ndipo phiri la Domwe limapitirira mamita 2,000. Aliyense amene anadzukapo mbandakucha mu Juni kapena Julayi ku Tsangano kukapakira matumba a kachewere akudziwa kuti zala zimachita kuuma ndi chisanu. Lole yomweyo imene yadzuka m'chisanu chotere, masana imakhala ili m'ng'anjo ya ku Moatize. Palibe mekaniko amene angayende nayo kuti azichotsa ndi kubwezera chitsulo panjira. Termostato ndiyo imagwira ntchito imeneyi yokha.

Chachiwiri nchakuti ngakhale tsiku lotentha kwambiri la ku Tete, kwa injini ndi kozizirabe. Munthu amavutika pa madigiri 40, koma injini imafuna 80 kapena 90 kuti igwire bwino ntchito. Lole yopanda termostato ikamatsika kuchokera ku Angonia kupita ku Mussacama, injini siigwira ntchito yambiri koma mphepo imaomba radiyadori mwamphamvu, ndipo madzi amazizira kwambiri. Dalaivala amaona muvi uli pansi nkumati zinthu zili bwino, pomwe ndi nthawi imene injini ikudyeka.

Zimene zimachitika mu injini yozizira

Zitsulo za m'kati mwa injini, monga mapisitoni ndi malingi, anazipanga kuti zikwanirane bwino zikatentha nkufufuma. Zikakhala zozizira mipata yake imakhala yaikulu, ndipo mpweya wa moto umadutsa kupita kwa oyilo. Komanso lita imodzi ya petulo kapena dizilo ikapsa imatulutsa pafupifupi lita imodzi ya madzi ngati nthunzi. Mu injini yotentha bwino nthunziyo imatulukira ku ekizozi. Mu injini yozizira ina imasanduka madzi pa makoma a masilinda, nisakanikirana ndi utsi nkupanga asidi amene amadya chitsulo. Ina imatsikira mu oyilo nkumusandutsa phala. Mafuta osapsa bwino nawonso amatsuka oyilo pa makoma a masilinda ndipo malingi amayamba kukhuzana ndi chitsulo chouma.

Kuonongeka kumeneku sikuoneka tsiku limodzi, nchifukwa chake anthu sakugwirizanitsa ndi termostato imene inatayidwa chaka chatha. Mwini chapa amangoona kuti mafuta akutha msanga, oyilo akuda msanga, utsi woyera sukutha m'mawa, ndipo mphamvu pokwera mtunda ikuchepa. Potsiriza amauzidwa kuti injini ikufunika kutsegula nkuika malingi atsopano, ndalama zimene zikanagula matermostato makumimakumi.

Magalimoto a masiku ano, amene ambiri amabwera ogwiritsidwa kale ntchito kuchokera ku Japan, ali ndi kompyuta imene imawerenga kutentha kwa madzi. Ikaona kuti injini ikadali yozizira imaonjezera mafuta, monga ankachitira choki pa magalimoto akale. Termostato ikachotsedwa, kompyutayo imatha kukhala ikuonjezera mafuta nthawi yaitali, ndipo nthawi zina nyali yochenjeza za injini imayaka. Magalimoto ena a ku Ulaya, monga a BMW, ali ndi termostato yokhala ndi waya wamagetsi, imene payokha imatseguka pa madigiri oposa 100 koma kompyuta imaitsegula msanga galimoto ikalemedwa. Yotereyi singalowedwe m'malo ndi yamasiku onse.

Pali vuto linanso laling'ono koma loopsa m'misewu ya kumtunda. Mphepo yofunda imene imachotsa nkhungu pa galasi lakutsogolo imatenga kutentha kwake ku madzi a injini. Madzi akakhala ozizira galasi silichedwa kuchita mbuu, ndipo dalaivala amayendetsa ndi dzanja limodzi, linalo likupukuta ndi kansalu, m'mawa wa nkhungu pamene pamsewu pali njinga, ngolo ndi ana a sukulu.

Kuchotsa kungathe kuonjezera kutentha

Matermostato ambiri ali ndi kambale kachiwiri pansi pake. Injini ikakhala yozizira madzi amadutsa kanjira kachidule kobwerera ku pampu osafika ku radiyadori. Termostato ikatseguka, kambale kaja kamatsika nkutseka kanjirako kuti madzi onse akakamizidwe kupita ku radiyadori. Tsono ikachotsedwa, kanjira kachidule kamakhala kotseguka nthawi zonse, ndipo gawo lina la madzi otentha limangobwerera mu injini osaziziritsidwa. Injini yotere imazizira mopitirira potsika phiri, koma pokwera ndi katundu imatha kutentha kuposa kale. Zomwezi zimachitika munthu akagula termostato ya nambala yolondola koma yopanda kambale kameneka, pa injini imene imakafuna.

Kuika ya nambala yotsika nakonso sikuchiza galimoto imene ikuwira. Madzi akafika pa madigiri 100, termostato ya 71 ndi ya 82 zonse zimakhala zotseguka mpaka mapeto, ndipo palibe imene ingaonjezere kanthu. Pamenepo ntchito yatsala ndi radiyadori, fani ndi pampu. Yotsikayo imangochedwetsa kuwira ndi mphindi zochepa, ndipo nthawi ina yonseyo imasiya injini ikuyenda yozizira.

Kumene vuto limabisala

Galimoto ikamatentha, kawirikawiri wolakwa amakhala wina. Radiyadori imatsekeka kunja ndi fumbi, udzu ndi tizilombo, ndipo m'kati imatsekeka ndi dzimbiri ndi matope a madzi otunga mumtsinje kapena padambo. Lamba wa fani amakhwepa. Mapiko a m'kati mwa pampu amadyeka ndi dzimbiri. Payipi yakale imadontha pang'onopang'ono, kapena junta, imene ena amati gasiketi, imakhala itayamba kupsa. Madzi oyera osakaniza ndi mankhwala a m'botolo oteteza dzimbiri amapulumutsa zambiri mwa izi.

Chivundikiro cha radiyadori ndicho chimaiwalika kwambiri. Nachonso chili ndi nambala, kawirikawiri 0.9 kapena 1.1, ndipo ntchito yake nkusunga mpweya wothinana kuti madzi asawire msanga. Chikakhala chabwino madzi amatha kupitirira madigiri 110 osawira. Ku malo okwera nkhani imeneyi ndi yaikulu, chifukwa madzi a pamtetete amawira pa madigiri 100 kunyanja kokha. Ku Ulongwe amawira pa 96, ndipo kumtunda kwa pamenepo amawira msanga kuposa apo. Injini imene ikukwera mtunda ndi madzi a madigiri 95 ili bwinobwino ngati chivundikiro chikugwira, koma mphira wa chivundikiro akatha, yatsala pang'ono kuwira. Mlandu umagwera termostato pomwe wolakwa ndi chivundikiro cha mtengo wochepa.

Chivundikiro chimenechi chisatsegulidwe injini ili yotentha. Madzi amene anali chete amawira nthawi yomweyo nkuthovokera kumaso ndi m'manja. Dalaivala ndi ajudante wake adikire mpaka payipi yapamwamba itazizira ndi kufewa, ndipo apewe kuthira madzi ozizira mu injini imene yangowira kumene, chifukwa mutu wa injini ungathe kupindika kapena kung'aluka.

Kuyesa termostato

Nzoona kuti termostato nayonso imafa. Ikafera chotsegula, muvi suchoka pansi ngakhale galimoto itayenda mtunda wautali, ndipo payipi yapamwamba imayamba kufunda pang'onopang'ono injini ikangolira. Ikafera chotseka, muvi umakwera msanga kupita kofiira pamene radiyadori ili yozizira. Termostato yabwino imachititsa kuti radiyadori ikhale yozizira kwa mphindi zingapo, kenaka itenthe mwadzidzidzi chitseko chikatseguka.

Poyesa sipafunika makina. Pamafunika poto wa madzi, mbaula, kawaya ndi choyezera kutentha chimene chimafika pa madigiri 100. Cha kuchipatala sichingathe ntchitoyi ndipo chingaphulike. Termostato imapachikidwa pa kawaya kuti imire m'madzi osakhudza pansi pa poto, madzi nkumatenthetsedwa pang'onopang'ono uku akutakasidwa. Iyenera kuyamba kutseguka pafupi ndi nambala yake, kusiyana kwake kusapitirire madigiri awiri kapena atatu, ndipo ikachotsedwa m'madzi nkuzizira itsekeke yonse osasiya mpata. Imene ili yotseguka kale isanalowe m'madzi njakufa.

Amekaniko a kumtunda akumbukire chinthu chimodzi. Popeza madzi a mu poto ku Angonia sapitirira madigiri 96, termostato ya 88 siingatseguke mpaka mapeto m'potomo ngakhale ili yatsopano, chifukwa imatsiriza pa 100. Asaitaye poganiza kuti yafooka. Ngati yayamba pa nthawi yake ndipo yatseguka kwambiri ndithu madzi akamawira, njamoyo.

Ikafera chotseka pakati pa ulendo, kutali ndi sitolo, kuichotsa kuti galimoto ikafike kumudzi kapena kuchipatala si tchimo. Dalaivala ayende pang'onopang'ono akuyang'ana muvi. Tchimo ndi kusiya bowo lopanda kanthu kwa miyezi ndi zaka.

Pogula ndi poika

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Wopita kukagula termostato ku Tete, ku Ulongwe kapena tsidya lina ku Dedza atenge zinthu ziwiri: termostato yakale, ngati ilipo, ndi dzina la injini, monga 1HZ kapena 22R, limene limadindidwa pa thupi la injini kapena pa kachitsulo ka fakitale pansi pa boneti. Dzina la galimoto lokha silikwanira, pakuti Hilux kapena Hiace imodzimodziyo inatuluka ndi injini zosiyanasiyana. Yakaleyo isakhulupiriridwe kotheratu, chifukwa mwina mwini woyamba anaika yolakwika. Buku la galimoto kapena kabuku ka sipeya ka wogulitsa ndiko kamanena nambala yeniyeni. Wogula aiwerenge yekha pa chitsulo, asadalire ya pa bokosi, ndipo aonenso ngati kambale kapansi kalipo ndiponso ngati kakufanana ndi kakale. Termostato yopanda nambala iliyonse, kapena yotoledwa m'galimoto yakufa, iyambe yalowa mu poto isanalowe mu injini.

Poika, mbali ya sipuling'i ndi kabotolo ka phula iyang'ane ku injini. Ikatembenuzidwa phula silimva kutentha kwa madzi pa nthawi yake ndipo injini imawira. Matermostato ambiri ali ndi kabowo kakang'ono m'mphepete kokhala ndi kachitsulo kogwedera. Kabowoka nkotulutsira mpweya, ndipo pa termostato yoikidwa choimirira kayenera kukhala kumwamba. Mphira kapena junta ya pamenepo ikhale yatsopano. Madzi akathiridwa, injini ilire mpaka itatentha, kenaka izime, izizire, ndipo madzi aonjezeredwe pamene mpweya watuluka.

Mwini galimoto ali ndi ufulu wofunsa mekaniko mwaulemu kuti, kodi termostato ilimo, nanga njanambala yanji? Mekaniko wodziwa ntchito yake sakwiya ndi funso lotere. Amene wagula galimoto kwa munthu wina afunsenso chimodzimodzi nyengo yachisanu isanafike, chifukwa ambiri amayenda ndi bowo lopanda kanthu osadziwa. Galimoto imodzi pamudzi imanyamula feteleza, kachewere, chimanga, maliro ndi mayi wodwala pakati pa usiku, ndipo ikagona pa miyala kudikira malingi savutika mwini yekha.